Kukonzekera mpikisano wa mtunda wautali dzuwa likuswa mtengo

Pa 27 September 2019, mpikisano wa marathon wa amayi pa masewera a dziko lonse lapansi ku Doha, m'dziko la Qatar, unayamba pakati pa usiku. Okonza anachita dala kuti othamanga alizembe dzuwa. Koma usiku womwewo kunja kunkatentha madigiri oposa 30, mpweya uli wodzaza chinyezi. Mwa amayi 68 amene ananyamuka, 28 sanafike kumapeto. Wopambana, Ruth Chepngetich wa ku Kenya, anamaliza makilomita 42.195 aja m'maola 2, mphindi 32 ndi masekondi 43. Mu January chaka chomwecho, mayi yemweyu anali atathamanga mtunda womwewu ku Dubai m'maola 2, mphindi 17 ndi masekondi 8. Miyendo yomweyo, mapapo omwewo, koma kutentha kunamudyera mphindi 15.

Ngati katswiri wotere amachepetsa liwiro, inu ndi ine tisadzinamize kuti liwiro lathu la nyengo yozizira litiperekeza mpaka m'chilimwe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Minofu ikamagwira ntchito, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake amasanduka kutentha. Thupi limafuna kukhala pa madigiri 37, ndiye limatumiza magazi kukhungu ndi kutulutsa thukuta kuti kutenthako kutuluke. Koma magazi omwewo miyendo nayo ikuwafuna. Mtima umakhala ngati wantchito wa mabwana awiri, aliyense akuitana nthawi imodzi, ndipo umangowonjezera kugunda.

Choyamba: musanamange zingwe za nsapato

Ngati mwangodzuka kumene pa matenda otentha thupi, kutsekula m'mimba kapena kusanza, dikirani kaye. Thupi lotere limanyamuka lili kale ndi ngongole ya madzi. N'chimodzimodzi ngati dzulo munamwa mowa kapena munachezera usiku wonse. Amene ali ndi vuto la mtima, impso, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena matenda a magazi otchedwa sickle cell, komanso amene amamwa mankhwala okodzetsa, ayambe aonana ndi dokotala. Chizolowezi chomeza ibuprofen kapena diclofenac musananyamuke, ati kuti maondo asawawe, chisiyeni. Kukatentha impso zimalandira magazi ochepa kale, ndipo mankhwalawa amangoziwonjezera mtolo.

Chachiwiri: lipatseni thupi milungu iwiri

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Thupi limaphunzira kutentha, koma limaphunzira pa nthawi yake. Mukamathamanga kotentha pafupifupi tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, mkatimu mumasintha zinthu. M'masiku anayi kapena asanu oyamba madzi a m'magazi amachuluka, ndiye mtima suthamanganso kwambiri pa liwiro lomwe lija. Kenako thukuta limayamba kutuluka msanga, limachuluka, ndipo mchere wake umachepa chifukwa thupi layamba kuuumira. Kusintha kwa thukutaku ndiye kumachedwa. N'chifukwa chake masiku asanu sakwana, ngakhale mutamva ngati mwazolowera.

Chitani motere. Masiku atatu oyamba thamangani mphindi 25 kapena 30 zokha pa nthawi yoti kwafundirapo, pang'onopang'ono zedi, mukusakaniza ndi kuyenda. Kuyambira tsiku lachinayi mpaka kutha kwa mlungu, kwezani kufika mphindi 40 kapena 50. Mlungu wachiwiri fikani pa ola limodzi, ndipo amene anazolowera kale mitunda itali-itali atha kufika mphindi 90. M'milungu iwiri imeneyi musapikisane ndi aliyense, ngakhale ndi inu mwini. Cholinga n'choti thupi litenthe ndi kutuluka thukuta kwa kanthawi, osati kuti muwefuke. Kupumula tsiku limodzi sikuwononga kanthu, koma mukadumphitsa masiku atatu kapena anayi motsatizana mumabwerera m'mbuyo. Dziwaninso kuti kuzolowera kumeneku sikukhalitsa: mukachoka kotentha kwa milungu itatu kapena inayi, zambiri zimakhala zitafufutika, ndipo muyenera kuyambanso modekha.

Nanga amene amakhala kozizira koma mpikisano wawo uli kotentha? Callum Hawkins wa ku Scotland anagwa pamsewu mu April 2018 ku Gold Coast, ku Australia, ali patsogolo pa onse pa marathon ya masewera a Commonwealth, kutangotsala makilomita awiri. Chaka chotsatira, pokonzekera Doha, ankathamanga pa makina othamangirapo m'kashedi ka kunyumba kwawo atayatsa mahita, ndipo ku Doha anamaliza wachinayi. Wopanda makina atha kulowa m'bafa la madzi otentha madigiri 40 akangomaliza kuthamanga, kuyamba ndi mphindi 10 kapena 15 n'kumawonjezera, kwa masiku 6 motsatizana. Potuluka m'madzimo dzukani pang'onopang'ono chifukwa chizungulire chimabwera mwadzidzidzi, ndipo m'nyumbamo mukhale munthu wina.

Chimene sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono ndi chija chodzikulunga m'mapulasitiki kapena kuvala jekete lochindikala masana, ati kusungunula mafuta. Zimene zatsika pa sikelo ndi madzi, ndipo zimabwerera mukangomwa. Chatsala ndi chiopsezo chokha.

Chachitatu: wotchi isakulamulireni

Izi ndinaziona ndekha, si zongomva. Chaka china ndikukonzekera mpikisano wa makilomita 21, ndinalemba m'kope langa kuti Loweruka ndithamanga makilomita 18, iliyonse m'mphindi 5 ndi theka. Tulo tinandinamiza, n'kunyamuka cha m'ma 11 koloko. Botolo la madzi ndinalisiya patebulo poti limandilemera m'manja. Pa kilomita ya 10 wotchi inayamba kundineneza kuti ndikuchedwa, ine n'kumakoka. Pa ya 13 ndinaona zachilendo: mikono yanga inachita tsemwe ngati kwazizira, chonsecho dzuwa lili paliwombo. Mutu unkagunda limodzi ndi mtima. Ndinayesa kuwerengera mtunda wotsala, 18 kuchotsa 13, samu n'kundikanika. Ndinangokhala pansi pamthunzi wa mpanda wina, thukuta lili kamukamu. Bambo wina wa pa njinga anaima, kundiyang'ana kaye, kenako anati, "Achimwene, akukuthamangitsani ndani dzuwa lonseli?" Sanadikire yankho. Anatsegula botolo lake n'kundikhuthulira madzi m'mutu ndi m'khosi. Kunyumba ndinabwerera chapansi, ndipo kwa masiku anayi miyendo inali ngati yobwereka.

Sindinalakwe pothamanga kotentha. Ndinalakwa pomvera manambala amene ndinawalemba kukuzizira. Kuthamanga sikufika, anatero akuluakulu, ndipo m'chilimwe mawuwa amakhala enieni.

Ndiye muyezo wanu ukhale mpweya. Pa ulendo wautali, thamangani pa liwiro loti mutha kuyankhula chiganizo chathunthu osadukiza. Mukaona kuti mawu akutuluka awiriawiri, mwapyola. Ngati muli ndi wotchi yoyeza kugunda kwa mtima, sungani kugunda kumene mumasunga nyengo yozizira, liwiro litsike lokha mmene lingatsikire. Mudzaona kuti pakatha theka la ola mtima umakwera pang'onopang'ono ngakhale simunawonjeze liwiro. Chimenecho ndi chizindikiro choti thupi latentha ndipo madzi ayamba kuchepa, choncho bwezani phazi. Ndi bwinonso kuwerengera maulendo anu m'mphindi osati m'makilomita. Ola limodzi ndi theka kotentha ndi ntchito yokwanira, kaya mwayenda makilomita 16 kaya 13.

Kuyenda si manyazi. Mphindi imodzi yoyenda pa mphindi 10 zilizonse imatsitsa mtima n'kukupatsani mpata womwa bwinobwino. Ambiri amakana kuima chifukwa anthu akuwaona. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chachinayi: nthawi ndi njira

Thukuta siliziziritsa potuluka, limaziziritsa pouma. Lita imodzi ikauma pakhungu imachoka ndi kutentha kokwana makalori pafupifupi 580. Limene likungochucha m'zigongono n'kugwera pansi lapita pachabe: madzi mwataya, kutentha kwatsala. N'chifukwa chake tsiku la madigiri 28 lachinyezi, lopanda kamphepo, likhoza kukhala loopsa kuposa la madigiri 33 louma. Mukamaona za nyengo musamangoyang'ana madigiri, onaninso chinyezi.

Maulendo aatali ndi othamanga mwaliwiro aikeni m'bandakucha. Chinyezi chimakhala chokwererapo nthawi imeneyo, inde, koma dzuwa silinayambe kumenya ndipo nthaka yazizira usiku wonse. Madzulo dzuwa likalowa n'kwachiwiri, chifukwa msewu wa phula ndi makoma a nyumba zimakhala zikulavula kutentha kumene zamwa tsiku lonse. Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 4 koloko masana, ingochitani timaulendo tifupitifupi tozolowetsa thupi tija.

Njira ikhale yozungulira, makilomita atatu mpaka asanu, yodutsanso pamene mwasiya madzi. Njira yongopita kutali n'kubwerera ili ndi msampha: mukalefuka muli kumapeto kwake, mtunda wonse uja ukudikirani. Funani mthunzi ndi njira yadothi ngati ilipo. Kukakhala mphepo, pitani ikukukankhani kumsana kuti pobwerera, thupi litatentha, izikuombani kumaso. Ndipo wina adziwe kumene mwalowera ndi nthawi imene mubwere.

Chachisanu: yezani thukuta lanu

Palibe angakuuzeni mlingo wa madzi oti muzimwa asanadziwe thukuta lanu. Ambiri amataya pakati pa theka la lita ndi malita awiri pa ola, koma anthu amasiyana kwambiri. Alberto Salazar, amene anathamangira dziko la America pa marathon ya Olympic ku Los Angeles mu 1984, anapezeka kuti ankataya malita pafupifupi 3.7 pa ola.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Kodzani kaye, vulani, kwerani pa sikelo. Thamangani ola limodzi mukudziwa madzi amene mwamwa. Mukabwera pukutani thupi, vulani zonyowazo, kweraninso. Kilogalamu imodzi imene yatsika ndi lita imodzi ya thukuta. Tinene kuti munali makilogalamu 62.0, mwabwera muli 61.1, ndipo m'njira munamwa theka la lita. Ndiye kuti 0.9 kuphatikiza 0.5, mwataya malita 1.4 pa ola. Chitani zimenezi kangapo pa masiku otentha mosiyana, muzilemba. Bwerezaninso pakatha milungu iwiri ija, chifukwa thukuta limakhala litachuluka. Anthu ena amaganiza kuti wozolowera kutentha amafuna madzi ochepa. Ayi, amafuna ambiri.

Chachisanu ndi chimodzi: kamwedwe

Imwani pafupifupi theka la lita maola awiri kapena atatu musananyamuke. Mkodzo ukhale wachikasu chowala. Ukakhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, simunakonzeke.

Paulendo wosakwana ola, ludzu lanu ndi mlangizi wokwanira. Paulendo wautali, ambiri zimawayendera akamamwa mamililita 400 mpaka 800 pa ola, pang'onopang'ono, osati kugugudiza kamodzi. Simukufuna kubweza thukuta lonse muli m'njira. Mukungofuna kuti musatsike kupitirira magawo awiri pa 100 a kulemera kwanu, kumene kwa munthu wa makilogalamu 62 uja ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Mimba nayo imaphunzira, choncho yeserani kumwa mukuthamanga panopa, osati kudzayamba tsiku la mpikisano.

Mukadutsa ola ndi theka, madzi okha sakwana. Thukuta limapita ndi mchere, ndipo ngati malaya anu akauma amachita mizere yoyera, ndinu mmodzi wa otaya mchere wambiri. Zakumwa za othamanga zimathandiza, komanso mutha kusakaniza nokha: lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Musayembekezere kuti mchere uthetsa kukokana konse kwa minofu. Nthawi zambiri minofu imakokana chifukwa yatopa kupyola mmene inazolowerera.

Pali ngozi ina imene sikambidwa kawirikawiri: kumwa mopyola muyezo. Madzi akachulukitsa m'thupi, mchere wa m'magazi umasukuluka, ubongo n'kutupa, ndipo munthu atha kufa. Madokotala amati hyponatremia. Pa marathon ya ku Boston ya 2002, ofufuza anayeza magazi a othamanga 488 atamaliza, ndipo 13 mwa 100 alionse anapezeka ndi vutoli. Amene linkawagwira kwambiri ndi omwe anafika atalemera kuposa mmene ananyamukira, ndi omwe anatha maola oposa anayi panjira, akumwa pamalo aliwonse operekera madzi. Ndiye sikelo ikaonetsa kuti mwakwera mutathamanga, kapena mphete ikuthina chala ndipo m'mimba mukumveka khuchukhuchu, mwamwa kwambiri.

Mukamaliza, pa kilogalamu iliyonse yatsika imwani lita ndi kota kapena lita ndi theka, mogawa m'maola angapo, pamodzi ndi chakudya chokhala ndi mchere.

Chachisanu ndi chiwiri: zovala

Zopepuka, zowala, zotaya. Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kumata pathupi, choncho zouma msanga n'zabwinopo. Chipewa chikhale chopita mphepo, ndipo chinyowetseni mukapeza madzi. Pakani mafuta oteteza khungu ku dzuwa, chifukwa khungu lopsa silitaya bwino kutentha. Pakaninso Vaseline m'mphechepeche, m'khwapa ndi pansonga za mabere. Amene sanamvepo madzi osamba akugwera pamalo popukusika ndi thukuta la mchere angaone ngati n'zazing'ono. Podzithira madzi lunjikani kumutu ndi kukhosi, asalowe m'nsapato, chifukwa masokosi onyowa ndiwo amabala matuza.

Chachisanu ndi chitatu: kukonza mlungu wanu

Milungu iwiri yozolowera ija ikatha, bwererani ku ndondomeko yanu, koma mosintha. Ulendo wautali kamodzi pa mlungu, m'mawa kwambiri. Tsiku limodzi laliwiro, nalonso m'mawa, ndipo m'malo mokoka mphindi 20 osaima, duladulani: kanayi mphindi zisanuzisanu, n'kumapumira pamthunzi. Masiku awiri kapena atatu othamanga modekha, ndipo limodzi kapena awiri mwa amenewa aikeni pa nthawi yofundirapo kuti thupi lisaiwale. Tsiku limodzi lopumuliratu. Musaphatikize kutalika, liwiro ndi dzuwa tsiku limodzi. Sankhanipo chimodzi.

M'mawa uliwonse musanadzuke pabedi, werengani kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi. Mukaona kuti kwakwera kuposa masiku onse kwa masiku awiri kapena atatu, miyendo ili yolemera, chakudya sichikukoma, thupi likupempha tchuthi. Usiku wotentha umaba tulo, ndipo tulo ndi pamene minofu imadzikonza.

Mpikisano ukayandikira, chepetsani mtunda monga mwa nthawi zonse koma musasiyiretu kukumana ndi kutentha. Tsiku lenilenilo khalani pamthunzi mpaka aitane, fupikitsani masewera otenthetsa thupi amene mumachita musananyamuke, ikani thaulo lonyowa pakhosi, ndipo theka loyamba lithamangeni mochedwerapo kuposa mmene mtima ukufunira.

Chachisanu ndi chinayi: kudziwa poimira, ndi chochita mnzanu akagwa

Chizungulire, nseru, mutu woboola, tsemwe dzuwa likuwala, miyendo kulenguka mwadzidzidzi: imani pomwepo. Pitani pamthunzi, gonani miyendo itakwezedwa, dzithireni madzi, imwani pang'onopang'ono. Tsiku limenelo latha, musati ndipume ndipitirize. Mukafika kunyumba n'kuona mkodzo wofiirira kapena wakuda pamodzi ndi ululu waukulu wa minofu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa minofu ikhoza kukhala kuti yaphwanyika ndipo impso zili pangozi.

Choopsa kwambiri ndi pamene kutentha kwa mkati mwa thupi kwadutsa madigiri 40 n'kufika posokoneza ubongo, chimene madokotala amati heat stroke. Vuto lake n'lakuti mwini wake sadziwa. Amadzandira, amabwebweta, amalusa popanda chifukwa, amasochera njira imene amaidziwa, ndipo ukamuletsa amakukankha. Hawkins uja atagwa koyamba anadzuka n'kupitiriza, dzandidzandi, mpaka kugwanso. Musanamizidwe ndi zoti munthu wotere amasiya kutuluka thukuta. Othamanga ambiri amagwa thukuta lili chuchuchu. Nkhanga zinapangana kusanapse: gwirizanani ndi anzanu musananyamuke kuti wina akayamba kuyankha zosagwirizana ndi funso, enanu mumuimitsa, afune asafune. Mufunseni dzina lake, tsiku la lero ndi kumene muli.

Akalephera, musataye nthawi. Mmodzi aimbe foni kuitana thandizo lachipatala, ena ayambe kumuziziritsa pomwepo, asananyamulidwe. Mphindi 30 zoyamba ndizo zimagamula. Njira yachangu kuposa zonse ndi kumuviika m'madzi ozizira kwambiri, a madzi oundana ngati alipo, mpaka m'khosi, wina atamugwira kuti mutu usamire, wina akutakasa madziwo. Pa mpikisano wa ku Falmouth ku America, umene umachitika mu August kukutentha, madokotala amaika mabafa a madzi oundana pomalizira. Ofufuza atawerenga anthu 274 amene anagwa ndi vutoli m'zaka 18 n'kuviikidwa msanga, anapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anamwalira.

Popanda bafa, mugonekeni pamthunzi, muvuleni zothina, mukhuthulireni madzi thupi lonse osalekeza, wina akukupiza ndi chilichonse chili pafupi. Matawulo onyowa aziikidwa pamutu, pakhosi, pachifuwa ndi m'miyendo, n'kumasinthidwa pafupipafupi chifukwa amafunda msanga. Ngati sakudziwa kanthu musamumwetse, angatsamwe, ndipo akayamba kusanza mugonekeni cham'mbali. Paracetamol sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu. Ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kuseka, apitebe kuchipatala kuti akaone impso ndi chiwindi, ndipo nsapato zake zikhale pakhoma kwa mlungu wathunthu kapena kuposa, mpaka dokotala atamulola.